Kuchokera pa kansanza konyowa kufika pa Sienta yathu

Abale anga a kuno kumudzi, ndi inu achimwene a ku Lilongwe amene munatitumizira Sienta ija: galimoto ija ndayiimika. Ikunjenjemera ngati munthu wa malungo, ndipo dzulo inazima pamphambano penipeni pa Kamwendo. Amakaniko akuti koyilo imodzi yapsa. Musanandinene kuti ndine wamantha, imvani kumene ndinakadziwira kachitsulo kameneka.

Boma litalola alimi ang'onoang'ono kulima fodya wa bale kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, malume anga anapeza kangachepe nagula Peugeot 404 ya pikapu, yokalamba kale. Inkanyamula mabelo kupita ku okushoni ku Kanengo, pobwera n'kutenga matola. Ine ndinali wothandizira, ntchito yanga kumanga zingwe ndi kukankha.

Koyilo yake inali imodzi basi, ngati kachitini, m'kati muli mafuta oiziziritsa. Batire imapereka mavoti 12 okha, pomwe pulagi imafuna masauzande ambirimbiri kuti ithetheke n'kuyatsa petulo. Ntchito yokweza magetsiwo ndi ya koyilo: m'kati mwake muli mawaya awiri okulungidwa, wonenepa wozungulira kochepa ndi woonda ngati tsitsi wozungulira kambirimbiri. Nzeru yoyatsa injini ndi batire ndi koyilo inatchuka ndi Charles Kettering wa ku America, pa galimoto za Cadillac mu 1910. Tangoganizani, nthawi imeneyo Mchinji akutchedwa Fort Manning, Chipata ali Fort Jameson, agogo athu akuyenda wapansi.

Koyilo yakale ikayamba kufa, inali ndi khalidwe lake. M'mawa galimoto imalira bwinobwino. Mukayenda, koyilo n'kutentha, injini zii! Mukadikira kuti izizire, yadzukanso. Ndiye malume ankayenda ndi chigubu cha madzi ndi kansanza. Ikazima, nyowetsa kansanza, kulunga koyilo, khala pansi udye chimanga. Madalaivala ambiri a matola ankadziwa mankhwala amenewa. Koma sikunali kuchiza ayi, kunali kungopepesa matenda. Ndipo nthawi zambiri tinkaipha tokha: kusiya kiyi ali oni injini isakulira kuti timvere mpira pa MBC, kuchotsa rezisita yake n'kulumikiza waya mwachindunji, kapena kuyendera mapulagi otha mpaka koyilo itatopa ndi kukankha moto.

Chimene chinandichotsa chibwana chinachitika usiku wina mu 1996, tisanafike pa Namitete. Tinazimira pokhota, theka la galimoto lili pa tala, kumbuyo kuli amayi anayi ndi ana. Thirayango tinalibe. Ndikuthyola nthambi zoti ndiike pamsewu, thiraki yochokera ku Mwami inatulukira, n'kutiphonya pang'onong'ono, mphepo yake mpaka kugwetsa chipewa cha malume. Palibe anayankhula mpaka kunyumba. Sabata yomweyo anagula koyilo yatsopano, pomwe anali atakana kwa miyezi itatu kuti ndi yodula.

Kenaka kunabwera galimoto zogwiritsidwa kale ntchito za ku Japan, zimene zadzaza pa siteji lerozi. Izi zilibe mapointi kapena distibyuta. Sienta ili ndi masilinda anayi, ndipo pulagi iliyonse yavala koyilo yakeyake. Ambiri amati kumeneku n'kupita patsogolo, ndipo sindikutsutsa. Koma kwa ine apa ndi pamene pali msampha. Yakale ija ikafa, galimoto imaima, ufune usafune. Ya masiku ano ikafa imodzi, zitatu zotsalazo zimakokabe motsimphina, ndiye munthu amati "ikuyendatu," n'kukweza anthu.

Petulo wa silinda yakufayo sapsa, amapita wamuwisi ku ekizozi n'kukapsera mu katalitiki, kamene kamatha kutentha mpaka kufiira. Muimike pa udzu wouma wa mu Okutobala muone. Kanyale ka injini kakamaphethira, ndiye kakunena zimenezo. Mphamvu yopitirira galimoto ina imasowanso, uli kale mbali ya eni ake. Ndipo injini ikazima mukuyenda, buleki imalimba mukangoponda kawiri kapena katatu, chiwongolero n'kulemera. Adzukulu amene mukuphunzira kuyendetsa, zikatero musabweze kiyi mpaka kumapeto, chiwongolero chingakiyike. Yatsani mahazadi, pondani buleki ndi mphamvu zanu zonse, tulukani pa tala.

Achimwene, chofunika ndi koyilo imodzi ndi mapulagi onse anayi, chifukwa omwe alimowo sitikudziwa kuti anaikidwa liti. Nambala yake ndajambula, ndikutumizirani pa WhatsApp. Ndikagulitsa mtedza ndiikapo theka. Pakadali pano galimoto ili pansi pa mtengo wa mango, kiyi ali m'thumba mwanga, ndipo amayi a kusikelo Lachinayi ndawauza kale kuti tiwapezera kabaza.