Louis Robert ndi Chigiriki cha pa miyala

Chigiriki chakale chimene ambiri amachidziwa ndi cha m'mabuku, cha Homer, Plato ndi anzawo. Koma anthu a m'mizinda ya Asia Minor, kumene lero kuli dziko la Turkey, anasiya mawu awo pena: pa miyala ya kumanda, pa zipilala za pamsika, pa makoma a akachisi. Zolemba zoterezi zilipo zikwizikwi, zina zothyoka, zina zofufutika. Katswiri amene anasintha kawerengedwe kake m'zaka za m'ma 1900 anali Mfalansa wina dzina lake Louis Robert.

Robert anabadwa pa 15 February 1904 ku Laurière, m'chigawo cha Haute-Vienne. Mu 1924 analowa sukulu ya École normale supérieure ku Paris, ndipo mu 1927 anapita ku École française d'Athènes. Chifuwa chachikulu chinamugoneka kwa nthawi ndithu, koma atachira ntchito inayenda mwaliwiro. Mu 1932 anayamba kuphunzitsa ku École pratique des hautes études, mu 1939 anapatsidwa mpando ku Collège de France ali ndi zaka 35 zokha, ndipo anakhalapo mpaka 1974. Mphunzitsi wake anali Maurice Holleaux, yemwe atamwalira mu 1932, Robert anasonkhanitsa zolemba zake n'kuzisindikiza.

Tisanapite patali, titchule Jeanne Vanseveren, amene anakwatirana naye mu 1938. Mayiyu sanali wongoperekeza ayi. Anali katswiri wa Chigiriki payekha, ndipo ankayenda limodzi m'midzi ya ku Turkey, kujambula zithunzi ndi kudinda zolemba. Kudindako kunali kotere: amaika pepala lonyowa pamwala, kuligogoda ndi burashi mpaka litalowa m'mizere ya zilembo, likauma amalinyamula. Anafukula ku Amyzon, kenako ku Claros, kukachisi wa Apollo, kuyambira 1950 mpaka 1961. Robert anatsogoleranso bungwe la Afalansa lofufuza zakale ku Istanbul kuyambira 1956 mpaka 1964.

Nanga njira yake inali yotani? Tinene kuti mwala wathyoka pakati pa chiganizo. Akatswiri ena ankangodzaza mpatawo ndi mawu owakomera, bola galamala ilole. Robert ankakana zimenezo. Iye ankati mzinda ukamalemekeza woweruza, sing'anga kapena wothamanga, unali ndi kanenedwe kake kozolowereka, choncho usanabwezeretse liwu losowa, uyambe wasonkhanitsa zolemba zonse za mtundu womwewo. Mutu umodzi susenza denga, mwala umodzinso sumasulira wokha. Ankafunsanso kumene mwalawo unachokera, paja miyala imayenda: wina amautenga kukamangira nyumba, wina amaulongeza m'chombo kuti chisapepuke, n'kukautula kudoko lina. Ukalakwitsa kwawo kwa mwala, walakwitsanso mbiri ya mizinda iwiri.

Kwa ife okonda za chilankhulo, mabuku ake awiri ndiwo ofunika kwambiri. Loyamba ndi Les gladiateurs dans l'Orient grec la mu 1940. Nthawi imeneyo ambiri ankakhulupirira kuti Agiriki, pokhala anthu otsogola, ankanyansidwa ndi masewera achiroma omenyana mpaka kuphana. Miyala inanena zina. Robert anasonkhanitsa zolemba mazana angapo zoonetsa kuti masewerawa anali ofala m'mizinda ya Agiriki, ndipo chilankhulo chenichenicho chinachitira umboni. Mawu achilatini monga secutor, retiarius ndi familia analowa m'Chigiriki n'kuvala zilembo zake, pomwe mawu akale onena za nkhonya anayamba kugwiritsidwa ntchito ponena za omenyana ndi malupanga. Anthu sabwereka mawu ochuluka chonchi pa chinthu chimene sachionera.

Lachiwiri ndi Noms indigènes dans l'Asie Mineure gréco-romaine la mu 1963. Akatswiri am'mbuyomo akapeza dzina lachilendo pamwala, losapezeka m'mabuku otchuka, ankathamangira kunena kuti ndi la zilankhulo zakale za ku Anatolia. Robert anaonetsa kuti ambiri mwa mayinawa ndi Chigiriki chenicheni, koma cha pakamwa: mayina ochokera ku zomera, tizilombo, zakudya, kapena maonekedwe a thupi, onga aja opatsana pocheza. Ena sanali mayina n'komwe, anangobadwa chifukwa wokopera anawerenga molakwa. Phunziro lake n'lakuti liwu likasowa m'mabuku a anthu ophunzira, sindiye kuti ndi lachilendo. Mwina dikishonale ndiyo yaperewera.

Mbiri ya Robert ili ndi minga yakenso. Kuyambira 1938 mpaka 1984, iye ndi Jeanne ankalemba Bulletin épigraphique m'magazini ya Revue des études grecques, momwe ankaunika pafupifupi chilichonse chosindikizidwa pa zolemba za Chigiriki. Sankanyengerera munthu. Wolemba mosasamala ankadzudzulidwa poyera, dzina lake lili pomwepo, moti ambiri ankayembekezera Bulletin mtima uli m'mwamba. Ukaliwu unakweza muyezo wa ntchito, komanso unamupezera adani.

Chinanso, munthu wofuna kuti zonse zikhale bwinobwino amachedwa kumaliza. Analemba zambiri zedi, kuphatikizapo mavoliyumu 13 a Hellenica pakati pa 1940 ndi 1965, koma pa buku lalikulu la La Carie panatuluka voliyumu yachiwiri yokha mu 1954, yoyamba osaoneka. Pamene ankamwalira ku Paris pa 31 May 1985, zolemba zambiri za ku Claros zinali zisanasindikizidwe. Jeanne, yemwe anamwalira mu 2002, anapereka mapepala, zithunzi ndi zodinda zawo ku Académie des inscriptions et belles-lettres, kumene mwamuna wake anali membala kuyambira 1948. Kuchokera m'nkhokwe imeneyi, Jean-Louis Ferrary anasindikiza mu 2014 zolemba za nthumwi zimene mizinda inkatumiza kukafunsira kwa Apollo ku Claros. Apa n'kuti patadutsa zaka zoposa 50 chimalizireni kufukula, ndipo akatswiri ena onse anali akungodikira.