Kuzemba, Kuzembera, Kuzembetsa

M'Chichewa munthu sazemba munda wake. Akagona mpaka dzuwa kukwera pamene udzu ukudya chimanga, timangoti ndi mlesi, kapena timamukumbutsa kuti mphwayi ndi tsoka. Kuzemba kumafuna anthu awiri: wochoka mwakachetechete ndi mwini maso amene akupewedwawo. Choncho tikamva kuti uje wazemba ntchito, tiyambe tafunsa kuti wazemba yani.

Tsinde la mawuwa ndi -zemb-, kuyenda mosafuna kuonedwa. Mlenje amazembera gwape. Wakatangale amazembetsa katundu, ndipo alimi a kwa Kapelula izi sauzidwa: fodya woyenera kukafika ku okushoni ya Chinkhoma, kapena kwa kampani imene inabwereketsa feteleza, nthawi zina amatuluka usiku kupita kwa mavenda. Wozembera amafuna kugwira, wozembetsa amafuna kupulumutsa katundu, wozemba amafuna malipiro opanda thukuta.

Maso aja ali ndi dzina lake, kapitawo, lochokera ku mawu a Chipwitikizi oti capitão. Pa dima la makolo panalibe kapitawo. Anthu ankathangatana, mwini munda n'kufulula mowa, ndipo wothawa khasu ankadziwa kuti tsiku lake likadzafika adzalima yekha. Atsamunda anatenga mawu omwewo, thangata, n'kuwasandutsa ntchito yokakamiza yolipirira malo okhala m'maesiteti a kumwera. Ku Magomero, pa esiteti ya A. L. Bruce, nkhanza za thangata zinali pakati pa zimene zinautsa John Chilembwe mu 1915. Kuthandiza kutasanduka chibalo, anthu anaphunzira kulima kapitawo akamayang'ana ndi kutsamira mpini akatembenuka.

Kuno ku Kasungu khalidweli linapeza pomera. Mpaka cha m'ma 1990 alimi ang'onoang'ono sankaloledwa kulima fodya wa bale, motero ambiri analowa utenanti. Tenanti ankalandira chimanga pangongole, ndipo pakutha pa chaka, bwana akachotsera zonse, ena ankatsala opanda ndi yokwerera basi yomwe. Boma linathetsa utenanti mwa lamulo mu 2021, koma chizolowezi chosunga mphamvu pa ntchito ya mwini sichitha ndi siginecha.

Vuto nlakuti kapitawo amazembeka koma fodya sazembeka. Nazale imafuna madzi m'mawa ndi madzulo pa dzuwa la Okutobala. Wothirira akangonyowetsa pamwamba n'kukakhala pamthunzi, mbande zimamuulula. Mphukira zikasiyidwa, masamba amapepuka. M'balani ya fodya woumitsa ndi moto, motowo umayaka pafupifupi sabata yathunthu, usana ndi usiku. Wosonkhezera akazemba pakati pa usiku kukamwa kachasu, kutentha kumatsika, masamba amene anayamba kuoneka achikasu amada, giredi n'kugwa. Mtengo ukatsika ku okushoni, wolira si bwana yekha. Amalira ndi mayi amene anasoka fodyayo mpaka zala kuda ndi utomoni, amaliranso wangolo amene anatuta nkhuni, poti onsewo malipiro awo ali m'belo lomwelo.

N'chimodzimodzi m'maofesi, mmene jekete limagwira ntchito pampando mwini wake ali ku geni yake m'tauni. Iye amati wazemba boma. Amene wazembedwadi ndi gogo amene wachoka kumudzi tambala woyamba, wakhala pabenchi tsiku lonse, n'kuuzidwa kuti mubwere mawa. Mnzake wa desiki yoyandikana amasenza ntchito ya anthu awiri, kenako naye amatopa n'kupachika jekete lake.

Chichewa chili ndi mawu ena oyandikana nawo. Wojomba sabwera n'komwe, ndipo kaundula amamulemba. Wonyanyala amaika khasu pansi poyera n'kunena chomwe chamukwiyitsa. Malamulo a ntchito a 1996 amazindikira ufulu umenewu. Wozemba yekha ndiye amafuna kuwerengedwa kuti alipo pamene palibe. N'chifukwa chake kuzemba sikukonza kanthu: dandaulo silifika kwa woyenera kulimva, chilango chimagwera wosalakwa.

Tisaiwalenso kuti mneni ameneyu sasankha munthu. Timati kuzemba msonkho, kuzemba ngongole, kuzemba malipiro. Mwini munda amene amazimitsa foni fodya akangogulidwa, aganyu akumudikira pachigafa, asadabwe chaka chamawa akapeza mizere yopalira kumutu kokha. Wofuna antchito osazemba ayambe ndi iye kupezeka pa tsiku lolipira.