Mbiri ya Katchulidwe ka Mawu ndi Ulemu wa Munthu M'zisudzo za ku England

Ku England munthu akangoyankhula, omvera amadziwiratu dera limene anakulira, sukulu imene anaphunzira ndiponso ngati kwawo kunali chuma, ndipo n'chifukwa chake olemba zisudzo kumeneko akhala akugwiritsa ntchito katchulidwe ka mawu, kutanthauza kusiyana kwa mmene anthu olankhula chilankhulo chimodzi amatulutsira mawu, posonyeza bwana ndi wantchito. M'nthawi ya William Shakespeare kunalibe katchulidwe kamodzi kovomerezeka, komabe kalankhulidwe ka kumudzi kanali kale chizindikiro cha munthu wonyozeka. Mu sewero la King Lear, lolembedwa cha m'ma 1605, Edgar, mwana wa mfumu ya ku Gloucester amene akuyenda modzibisa, akumana ndi Oswald, kapitawo wodzikuza, ndipo akuyamba kulankhula ngati mlimi wa kumwera chakumadzulo, kutchula z pamene pali s ndi v pamene pali f. Oswald akumuderera chifukwa cha lilime lakelo, akusolola lupanga, n'kuphedwa ndi munthu amene ankamuyesa wachabechabe.

Zinthu zinakhwima m'zaka za m'ma 1700, ndipo chochititsa chidwi n'chakuti amene anaika malamulo a katchulidwe anali ochita zisudzo omwe. Thomas Sheridan wa ku Ireland anasindikiza maphunziro ake a kalankhulidwe mu 1762, ndipo John Walker anatulutsa buku lotsogolera katchulidwe ka mawu mu 1791. Sukulu zogonera komweko za ana a anthu olemera, monga Eton ndi Harrow, zinakhazikitsa katchulidwe kosasonyeza dera limene munthu akuchokera, kamene pambuyo pake kanatchedwa Received Pronunciation, ndiye kuti katchulidwe kolandiridwa pakati pa anthu apamwamba. Ochita zisudzo, omwe kwa nthawi yaitali ankaonedwa ngati oyendayenda opanda ulemu, anakakumbatira pofuna kukwera, moti pamene sukulu ya zisudzo imene lero imatchedwa RADA inkatsegulidwa mu 1904, wofuna kusewera ngati mfumu ankayenera kusiya lilime la kwawo pakhomo, pamene lilime la osauka linkasungidwira antchito a m'nyumba ndi anthu oseketsa.

George Bernard Shaw ndiye anavundukula chinyengo chimenechi m'sewero la Pygmalion, limene linaonetsedwa ku London mu 1914. Henry Higgins, katswiri wa kamvekedwe ka mawu, akutenga Eliza Doolittle, mtsikana wogulitsa maluwa ku Covent Garden, n'kumuphunzitsa kulankhula ngati mwana wa m'banja lachifumu. Pa ulendo wake woyamba wokacheza kwa mayi ake a Higgins, Eliza akutchula liwu lililonse mosaphonya, koma nkhani imene akukamba ndi ya azakhali ake amene akuwaganizira kuti anachita kuphedwa, ndi ya bambo ake okonda mowa, ndipo alendo akumvetsera mwaulemu poganiza kuti ndiwo machezedwe amakono. Apa Shaw anasonyeza kuti ulemu umene anthu ankati ndi wa m'magazi unali chinthu chophunzirika m'miyezi yochepa, ngakhale kuti iye mwini anadzakhala m'komiti ya BBC yoona za katchulidwe, imene inakhazikitsidwa mu 1926 ndipo inathandiza kufalitsa katchulidwe komweko pa wailesi.

Kusintha kwenikweni kunadza nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, pamene makhonsolo anayamba kulipirira ana a osauka maphunziro, a zisudzo omwe. Mu 1956 sewero la John Osborne la Look Back in Anger linaika pa nsanja ya Royal Court mnyamata wokwiyira anthu apamwamba, ndipo mu 1958 gulu la Joan Littlewood linaonetsa A Taste of Honey, limene Shelagh Delaney, mtsikana wa ku Salford, analemba asanakwanitse zaka 20. Albert Finney wa ku Salford komweko ndi Tom Courtenay wa ku Hull anatchuka akusewera anyamata a m'banja la ogwira ntchito m'mafakitale, ndipo sewero la Coronation Street, la anthu wamba olankhula lilime la kumpoto, linayamba pa wailesi ya kanema mu 1960. Mu 1992 Barrie Rutter anayambitsa gulu la Northern Broadsides kuti mafumu a Shakespeare amveke ndi lilime la kumpoto, ndipo mu 2004 bwalo la Globe linasewera Romeo and Juliet m'katchulidwe ka nthawi ya Shakespeare, kamene omvera ambiri anakamva ngati ka kumidzi.

Komabe khomo limene linatseguka chifukwa cha ndalama za boma layambanso kutsekeka chifukwa cha kukwera kwa fizi ndi lendi ya ku London. Ambiri mwa otchuka a masiku ano, monga Eddie Redmayne ndi Tom Hiddleston a ku Eton, kapena Benedict Cumberbatch wa ku Harrow, ndi aluso ndithu, koma iwo amaloledwa kusewera wosauka akafuna, pamene mwana wa ku Liverpool kawirikawiri amaitanidwa kudzasewera mbava kapena wantchito, ndipo kumeneku n'kukondera kumene kukulanda zisudzo za ku England luso lochuluka.