Mbiri Yolembedwa M'nyumba za kwa Mnkhanya

Aphunzitsi anzanga, mlendo wofika kwa Mfumu Mnkhanya, m'cigwa ca Luangwa, salephera kutama kukongola kwa midzi: nyumba zofolera udzu patsinde pa mitengo ya bwemba, nkhokwe zoluka ndi nsungwi, ndi nkhalango ya tsanya ponseponse. Ajambula zithunzi zace, nabwerera kukakwera ndege ku Mfuwe. Koma ife, amene tiphunzitsa ana a m'midzi yomweyo, tiyenera kufunsa cimene cinacititsa makolo kumanga motere.

Akunda analowa m'cigwaci kuciyambi kwa zaka za m'ma 1800, motsogozedwa ndi Mambwe, amene boma la kuno lichedwa ndi dzina lace. Mafumu ao ndi asanu ndi mmodzi: Nsefu, ndiye wamkulu, Jumbe, Kakumbi, Malama, Msoro ndi Mnkhanya. Mtendere sanaupeze msanga, pakuti Angoni a Mpezeni ankatsika kumapiri kudzafunkha, ndiponso ogula akapolo ndi minyanga ankapita m'dziko. Pa masiku amenewo anthu ankapanikizana m'malinga. Angoni atagonja kwa Angerezi mu 1898, malinga anasiyidwa, ndipo bwalo lotakasuka limene mlendo ayesa lacikhalire ndi mwana wa mtendere umenewo.

Makola a ng'ombe makolo analibe, cifukwa kashembe sanalole ng'ombe kukhala m'cigwa. Munda unali wa khasu, cakudya mapira opirira dzuwa, ndiwo nyama ya kuchire ndi nsomba. Mizati anasankha ya tsanya popeza ciswe siciigwira msanga.

Koma nkhokwe ndiyo inena zambiri. Mu 1938 boma la atsamunda linapatula malo a nyama m'Luangwa. Mu 1950 Norman Carr anapangana ndi Mfumu Nsefu kuti alendo azilipira poona nyama. Mu 1972 tsidya lija linasanduka South Luangwa National Park. Uzimba wa makolo unaletsedwa, koma njobvu sidziwa malire a boma. Iwoloka mtsinje usiku, nigumula nkhokwe, ndipo cakudya ca banja ca caka conse cimatha tambala asanalire. Nsanja zija ziri m'minda sizomangira kukongola ai. Pamenepo atate agona maso, ali ndi moto ndi cigubu coomba. Masiku ano ena afukiza tsabola m'malire a minda, ena amanga nkhokwe za njerwa ndi simenti. Alendo ena adandaula kuti simenti ndi malata ziononga maonekedwe a mudzi. Ine ndiganiza kuti wodandaulayo sanamwetepo udzu, kapena kutola mapira opondedwa m'fumbi.

Tsono dzuwa lisanafike poopsa m'October, turukani ndi ana tsiku limodzi. Mupemphe cilolezo kwa anyakwawa, mufunse agogo pamene panali linga, ndipo ana awerenge nkhokwe za nsungwi ndi za simenti, nalembe caka cimene iri yonse inamangidwa.