Maulendo Oona Zakale ku Mapanga a Chongoni

Chizolowezi choti anthu azisonkhana kumvera nkhani za mbiri yakale, kenako n'kunyamuka limodzi kukaona malo amene nkhanizo zinachitikira, chinayamba kuzika mizu m'dziko muno m'chaka cha 1946, pamene bungwe la Nyasaland Society linakhazikitsidwa ku Blantyre. Bungweli, lomwe linasintha dzina kukhala Society of Malawi dziko litalandira ufulu mu 1964, linayamba kusindikiza magazini yake mu 1948, ndipo mpaka lero limasunga mabuku, zithunzi ndi makalata akale m'nyumba ya Mandala, imene kampani ya African Lakes inamanga mu 1882. Mamembala ake oyamba ambiri anali azungu, ogwira ntchito m'boma la atsamunda, eni minda ndi amishoni, kotero kuti zokamba zawo zinali m'Chingerezi ndipo omvera anali ochepa. Komabe zina mwa zimene zinalembedwa koyamba za mapanga a m'mapiri a Dedza zinatuluka m'magazini yomweyo.

Mu 1956 Margaret Metcalfe anafalitsamo nkhani yofotokoza zojambula pamiyala zimene anaziona m'dziko muno, ndipo mu 1973 munatuluka lipoti la J. Desmond Clark, katswiri wofukula zakale, amene chaka chimodzi m'mbuyomo anali atakumba pansi pa phanga la Mwana wa Chencherere, kumpoto kwa boma la Dedza. Mu 1978 Lindgren ndi Matthew Schoffeleers anasonyeza kuti zina mwa zojambula zoyera ndi zifanizo za zilombo za Nyau, ndipo pambuyo pawo Yusuf Juwayeyi, Benjamin Smith ndi Leslie Zubieta anapitiriza kafukufukuyu. Ntchito imeneyi ndi imene inatsegula njira yoti mu 2006 bungwe la UNESCO livomereze dera la Chongoni, lomwe lili ndi malo 127 a zojambula, kukhala chuma cha anthu onse a dziko lapansi.

Chimene malipoti otere satchula kawirikawiri n'chakuti palibe mlendo amene akanafika paphanga lobisika m'nkhalango ya miombo popanda munthu wa m'mudzi womutsogolera, ndipo mwina ichi ndicho chofunika koposa pa mbiri yonse ya maulendowa. Otsogolerawo anali anthu amene ankadziwa njira, mayina a mapiri ndi nthano za Akafula, anthu aafupi msinkhu osaka nyama amene Achewa amati anawapeza m'dzikoli. Akatswiri amavomereza kuti zojambula zofiira, zomwe zambiri ndi mizere ndi timabwalo tolowana, n'za Akafulawo, pamene zoyera, zopakidwa ndi chala pogwiritsa ntchito dothi loyera, n'za Achewa alimi amene anabwera pambuyo. Dzina lenilenilo la Akafula silinafukulidwe pansi. Linachokera pakamwa pa anthu okalamba a m'midzi.

Pa zojambula zoyera ndi pamene wotsogolera ulendo amakumana ndi vuto lenileni. Zambiri mwa izo zinajambulidwa ndi amayi pophunzitsa atsikana pa chinamwali, mwambo wolowetsa mtsikana wotha msinkhu m'gulu la akuluakulu, ndipo matanthauzo ake ali m'manja mwa anamkungwi, omwe ndi amayi oyang'anira mwambowo. Zina zinajambulidwa ndi amuna a Nyau m'nthawi imene gule wawo ankaponderezedwa, poyamba ndi Angoni a Maseko, kenako ndi amishoni ndi boma la atsamunda, pamene mapanga anasanduka malo obisalirako. Zinthu zoterezi siziululidwa kwa munthu wosavinidwa kapena wosalowa kudambwe, malo obisika kumene Nyau zimakonzekera. Chotero wotsogolera wodziwa mwambo amafotokoza za utoto, za zaka ndi za maonekedwe a nyama zojambulidwazo, koma akafika pa tanthauzo amaima, ndipo kuima kumeneko sikusonyeza umbuli. Mlendo amene wazolowera zokamba za m'chipinda cha misonkhano, kumene funso lililonse limayembekezera yankho, amayenera kuzindikira kuti pano mwini nkhani alipo, ali moyo, ndipo ndiye amene amaika malire.

Kunsi kwa mapiri, ku Mua, nkhani yomweyi inatenga njira ina. Mishoni imene ansembe a White Fathers anakhazikitsa mu 1902 inalimbana ndi Nyau kwa zaka zambiri, koma pamalo omwewo Bambo Claude Boucher, wansembe wochokera ku Canada amene anapatsidwa mfunda wa Chisale, anayambitsa malo a Kungoni mu 1976. Nyumba yosungiramo zakale ya Chamare, yomwe ili pa Kungoni, imaonetsa miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao, kuphatikizapo zigoba zambirimbiri za Gule Wamkulu, amene UNESCO inamulemekeza mu 2005, ndipo amene amayendetsa alendo m'zipindamo ndi anthu a m'deralo olankhula Chichewa ngati chilankhulo chawo chobadwa nacho.

Masiku ano maulendo a ku Chongoni ali m'manja mwa nthambi ya boma yoona za malo osungira zakale ndi zipilala, mothandizana ndi mafumu, ndipo pakati pa alendo pamakhala ana asukulu a ku Dedza komweko, amene makolo awo akale ndi omwe anajambula zoyerazo. Ntchito ya otsogolera yakula, chifukwa pamwamba pofotokoza amayeneranso kuletsa kulemba mayina ndi makala pamwamba pa zojambula, kusonkha moto m'mapanga ndi kudula mitengo imene imatchinga miyalayo ku dzuwa ndi mvula.