Njila Zokongoletsela Mano: Zofunika Kudziwa kwa Anthu a ku Chama

Pa nchito zokonza maonekedwe a mano, imodzi mwa zofala ndiyo kupala litsilo louma ndi madontho a fodya. Dzino lobenthuka amalimata ndi mankhwala amtundu wofanana nalo, pamene mano opotoka amawongoledwa ndi mawaya, kawilikawili kwa caka cimodzi kapena ziwili. Poyeletsa mano madokotala amagwilitsa nchito hydrogen peroxide, koma mankhwalawa sacilitsa dzino lobooka. Lotelo liyambe lamatidwa.

Okhala m'boma la Chama ayambe apimidwa ku cipatala, ngakhale kuti za mawaya zingafune ulendo wa ku Lusaka. Wopeleka cithandizoci ayenela kukhala wolembetsedwa ku bungwe la Health Professions Council of Zambia. Makala ndi phulusa, zimene ena amatsukila mkamwa, zimapala cikuto colimba ca dzino, ndipo cikapelepeseka sicimelanso.