Oimba ndi Alakatuli pa Kumanga Fuko la Malaŵi

Fuko silimangidwa ndi andale okha ayi. Ku Belgium m'chaka cha 1830, anthu a mu Brussels anatuluka m'nyumba ya zisudzo mitima itatenthedwa ndi nyimbo, nayamba kuukira ulamuliro wa Adatchi. Ku Malaŵinso oimba anagwira ntchito yotamandika.

Pamene dziko linalandira ufulu pa 6 July 1964, mu Blantyre munamveka nyimbo ya fuko imene anapeka Michael Sauka. M'zaka zotsatira, wailesi ya MBC ku Chichiri inafalitsa banjo ya Allan Namoko wa ku Thyolo, ndiponso gitala ndi chitoliro za Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka. Motero Alomwe, Asena ndi Atumbuka anayamba kuzolowera nyimbo zofanana, nazitcha zawo.

Koma umodziwo sunakomere onse. M'chaka cha 1968 Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi, ndipo boma linakhazikitsa lamulo lounika nyimbo, mabuku ndi zisudzo. Mlakatuli Jack Mapanje anatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Chitumbuka chinabwerera pa wailesi ulamuliro wa chipani chimodzi utatha m'chaka cha 1994.